Ndinakhudza Ng'oma ya Amuna Anga

1

Dzina langa ndine Esteri, kwathu ndi kufupi ndi Chitakale ku Mulanje, ndipo ndili ndi mwana mmodzi, Rosie. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, choncho mukapeza mawu okhota m'nkhani ino awongoleni nokha mumtima, ine ndili ndi matewera oti ndichape.

Anthu kwathu amati ndine mkazi wamwayi chifukwa ndinakafika ku Kilimane, ndinalawa madzi amchere, ndinaona sitima zazikulu kuposa fakitale ya tiyi. Amayesa ndinapita kukaona dziko. Ayi ndithu. Ndinapita kukapulumutsa ukwati wanga, umene ndinali nditauboola ndekha ndi supuni.

Amuna anga, a Lackson, mkati mwa sabata amathyola tiyi pa esiteti ngati wina aliyense. Koma likafika Loweruka amasanduka munthu wina, chifukwa ndiwo ankaimba ng'oma yaikulu m'gulu la tchopa la pa esitetipo. Ng'omayo inali ya agogo awo, amene anaisenza pamutu kuchokera ku Mozambiki pothawa chibalo cha Apwitikizi. Pobwera kudzakhala kwathu monga mkamwini, katundu wa a Lackson anali khasu, bulangete limodzi ndi ng'omayo. Bulangetelo anafunditsa ng'oma.

Tsiku loyamba lomwelo anandikhazika pansi.

"Mwachiona chakuda chili pakati pa chikopachi? Ndi phula la njuchi limene agogo anamata ndi manja awo. Mawu a ng'oma amakhala m'menemo. Ng'oma iyi mkazi sakhudza. Tsiku mudzaikhudza, ine ndi iyo tidzatulukira khomo limodzi, ndipo simudzationanso."

Mawu amenewa sanandiuze ine ndekha. Ankawabwereza pamowa, kumaliro, ngakhale pa sikelo yoyezera tiyi, mpaka mudzi wonse unawaloweza. Ine ng'omayo ndinkaitcha mayi wamkulu, poti ndinaipeza kale pabanja. Inali ndi ngodya yakeyake yosadontha m'nyumba, ndipo inkatuluka pa zochitika zikuluzikulu zokha. Pokonzekera magule a Lackson ankaimba kang'oma kena wamba.

Zaka ziwiri ndinasunga lamulolo. Chaka chachitatu, mu Juni 1973, ndinaikhudza. Momwe ndinaikhudzira ndikuuzani, musafulumire. A Lackson eni ake anadikira mpaka ku Kilimane.

2

Chimene ndinawononga chinali chotheka kuchikonza. Chinkangofunika kanthu kena kosowa pang'ono, ndi mpata wokhala ndekha ndi ng'omayo, nthawi yongokwana kuwiritsa madzi a tiyi. Kanthuko ndinakasaka masabata angapo, ndipo ndinakapeza Lachinayi lina pa msika wa Chinakanaka. Ndinakakulunga m'thewera, n'kubwerera kunyumba ndikuimba.

Ndinapeza ngodya ya mayi wamkulu ili mbee.

"Ng'oma ili kuti, bambo a Rosie?"

"Yapita ku sitolo ya esiteti, akaikiyira pamodzi ndi zovala zovinira," anatero a Lackson, nkhope ikuwala. "Tikupita ku Kilimane, mayi. Bwana wathu ali ndi mnzake Mpwitikizi wa tiyi kutsidyaku. Akuti kuli fesita ya magule ndi nyimbo za makolo, ndipo akufuna aone tchopa wa ku Mulanje. Ng'oma ya agogo ikubwerera kwawo kukalira."

M'mawa mwake ndinabereka Rosie, ulendo kwa a Samueli, kapitao wa pa esiteti amene ankatsogolera gululo.

"Akapitao, mwalemba kale wokakuphikirani?"

"Tikadya za komweko."

"Mukudziwa zimene amadya komweko? Ndamva kuti amaphika nkhanu ndi zinthu za miyendo khumi. Mukatsegula m'mimba anthu makumi awiri, akavina ndani?"

A Samueli anakanda m'mutu. "Koma inu muli ndi mwana wa m'manja."

"Mwana sadya malo pa lole, amakhala kumsana. Kapena mukadalira achimwene anga a Jailos? Iwo amapsereza ngakhale madzi."

Anandilemba.

Ndikuuzeni za a Jailos. Ndi achimwene anga aakulu, eni mbumba kwathu, ndipo m'gululo ankaimba ng'oma yachiwiri. Mumtima mwawo ankadziwa kuti manja awo ndi opepuka kuposa a a Lackson. Zoona zake, ambiri ankadziwanso zomwezo. Koma ng'oma yaikulu inali ndi mwini wake ndi phula la agogo, nanga munthu ungatsutsane ndi akufa? Choncho awiriwa ankaitanana kuti "alamu" mano ali pamtunda, ngati agalu awiri odyera mbale imodzi.

3

Tinanyamuka Lachisanu la sabata yotsatira m'mamawa pa lole ya esiteti, anthu makumi awiri ndi atatu, zipewa za nthenga, zikopa za nyama, mapoto anga ndi ng'oma zitatu. Pa Muloza ayufi anationa makhadi a chipani mmodzimmodzi, ndipo bambo wina wovina anametedwa pomwepo ndi sizasi chifukwa tsitsi linali litagunda kolala. Kamtolo kanga palibe anakafufuza. Palibe mwamuna amene amapisa dzanja m'matewera a mwana wa mwini.

Kwathu kunali chiperoni, phiri litafunda mtambo, tonse titavala majuzi. Koma msewu unkangotsika, ndipo dzuwa linkakula pa mtunda uliwonse. Pofika ku Mokuba majuzi onse anali pansi. Apa ndinene poyera: adani anga paulendowu anali awiri, dzuwa ndi moto.

Ndinatambasula ambulera yanga n'kuigwirira pamwamba pa ng'oma yaikulu, osaikhudza, Rosie nditamphimba ndi chitenje.

"Esteri," anatero a Jailos, "ambulerayo unagulira ng'oma kodi? Mwana akupsa uyo."

"Ndikusamala mayi wamkulu, achimwene."

A Lackson anakondwa kwambiri. "Mwaona, alamu? Ulemu kwanu kuja unagwera munthu mmodzi yekha."

"Ng'oma imafuna dzuwa kuti chikopa chikungike," anayankha a Jailos. "Aliyense wodziwa kuimba amadziwa zimenezo."

"Tikaiwamba pamoto mawa, musade nkhawa. Ikalira mpaka nsomba zikamva."

Inu osadziwa za ng'oma, kuwamba ndi kuiyandikiza kumoto musanaimbe kuti chikopa chilimbe. Nditamva mawu amenewo, ndinayandikiziratu ambulera pa ng'oma. Ndinaigwirabe mpaka ku Kilimane, ndipo tikufika dzuwa likupendeka mkono unali utauma ngati mpini.

Anatigoneka pa sukulu ina, akazi kalasi yawo, amuna kalasi yawo. Ng'oma zinawerengedwa ngati amuna.

4

Kutacha ndinaona mzinda wa eni. Mitengo ya kokonati yaitali ngati ikufuna kukanena kanthu kumwamba, njinga zambiri kuposa anthu, ndi akazi ena atavala mathalauza akuyenda pamsewu apolisi akuwaona, osawagwira. Amayi a m'gulu lathu ankangogundana zigongono.

Fesitayo inali pa bwalo lalikulu pafupi ndi doko. Panali nsanja ya matabwa, mipando ya azungu pamthunzi, ndipo ife tonse padzuwa. Magulu anachokera kutali. Ena ankaimba malimba aatali, anthu anayi pa chida chimodzi. Ena anali amuna okhaokha oimba zitoliro za bango uku akuvina mozungulira, aliyense mawu ake amodzi, koma nyimbo n'kumatuluka yathunthu. Kunali nkhalamba ina yokhala ndi chingwe chimodzi pa chigoba cha kokonati, ikuliritsa mpaka amayi ogulitsa nsomba kusiya nsomba zikupserera. Chilankhulo chawo ndi Chilomwe chathu zinkakumana pakati ndi pakati, moti tinkamvana theka, theka linalo n'kumalizira ndi manja.

Zonsezi ndinkaziona ndi diso limodzi. Linalo linali pa ng'oma.

Gulu lathu linapatsidwa nthawi ya masana, dzuwa lili paliwombo. Tinaunjika katundu pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo, ndipo a Lackson anakhala pambali pa ng'oma ngati nkhuku yofungatira.

"Bambo a Rosie, mwafika kwa eni sitima, mubwerera osaziona? Anzanu ku Chitakale akakufunsani mukati chiyani?"

"Ndikati ndinabwera kudzaimba."

"Akazi akuno mwawaona koma? Akuti kudoko kuja ndiye kuli okongola."

Anandiyang'ana modabwa. "Mkazi wanji wotuma mwamuna wake kukaona akazi? Mwadya chiyani m'mawa uno?"

Anandipulumutsa ndi a Samueli. Anabwera akupukuta thukuta, akuti ku tebulo la olemba maina akufuna mtsogoleri ndi woimba ng'oma yaikulu. A Lackson anaimirira monyinyirika.

"Alamu, muziiyang'ana. Ndi maso okha."

"Pitani, sindidya zikopa ine," anatero a Jailos.

Atangokhota, ndinatsina Rosie pang'ono pantchafu. Mulungu andikhululukire, sikunali kutsina kwenikweni. Analira.

"Achimwene, mwana wanu ali ndi ludzu. Kamgulireniko kokonati wamadzi uja, ng'omayi ndikuyang'anirani."

A Jailos kwa Rosie sakana kanthu. Anapita. Ena onse anali atathamangira kukaona oimba zitoliro. Ndinatsala ine, mwana, ndi mayi wamkulu.

5

Ndinagwada, ndinavundukula bulangete, ndinatulutsa supuni m'chiuno. Ndinayesa chakuda chija ndi chala chachikulu, ndipo chala chinalowa ngati m'phala la dzulo. Ambulera yonse ija inangochedwetsa mlandu.

Ndikuti ndimasule kamtolo, ndinamva nthungululu kumbuyo kwanga.

Linali gulu la akazi a kunyanja, ngati makumi atatu, atavala zitenje zofanana, nkhope atazipaka zoyera ndi ufa wa mtengo umene amautcha musiro. Ankazungulira bwalo akuimba, akunyamula mkazi aliyense amene ampeza panjira. Ndinaponya bulangete pa ng'oma mwachangu, linagwera chammbali. Mmodzi anaona Rosie ndi masaya ake a ku Mulanje, anamunyamula pamphasa pomwe ndinamukhazika, n'kumupatsira mnzake, mnzakeyo kwa mnzake. Wina anandipaka musiro patsaya, wina anandigwira dzanja.

Ndinayesa kufotokoza m'Chilomwe kuti ndili pantchito. Anamva theka lolakwika. Rosie anali atafika kale pakati pa gulu, akuseka, akuyenda pamwamba pa mitu ngati mtanga wa tiyi. Ng'oma kuno, mwana uko. Ndinatsata mwana.

Ndiulule china pano, poti ndayamba kale kuulula. Ndinavina. Chiyambire tsiku la ukwati wanga panalibe amene anandikokera m'bwalo, ine ntchito yanga inali kuwomba m'manja ndi kusunga nsapato za ovina. Akazi aja ankavina ndi mapewa, mapazi akungokhwekhwereza pansi, ndipo thupi langa linaphunzira msanga kuposa mutu. Tinazungulira bwalo lonse, azungu akuwomba m'manja, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kuti ndine munthu wa mlandu.

Pobwerera pa mtengo wa mango, Rosie ali kumsana, ndinapeza a Lackson ataima mbali ino ya ng'oma, a Jailos mbali inayo atanyamula kokonati m'manja monse muwiri. Bulangete lili pansi.

"Ndinati ndi maso okha, alamu. Chala ichi ndi cha ndani?"

"Mukuona manja anga ali ndi chiyani? Ndaidinda ndi mphuno?"

"Nthawi yakwana," anakuwa a Samueli. "Za zala mukakambirana kwanu. Moto uwo, wambani ng'oma."

Kuseri kwa nsanja anali atasonkha moto wa makoko a kokonati. Moto umenewo ndi waukali kuposa wa nkhuni zathu. Ndinaima poteropo ndi tsaya limodzi loyera, ndikuona amuna anga akutembenuzira mayi wamkulu kumoto mwachikondi.

"Kukununkha ngati akukonza msewu," anatero wovina wina.

"Ndi fungo la sitima limenelo," anayankha a Samueli.

6

Ovina athu anakwera pansanja atavala nthenga ndi zikopa, ndipo anthu anakhamukira kutsogolo. Ng'oma yaing'ono inayamba, a Jailos analowa ndi yachiwiri, kenako onse anadikira mwini bwalo.

A Lackson anakweza dzanja lamanja mpaka kumwamba, n'kulitsitsa. Ng'oma inalira kamodzi, mawu okoma ndithu. Anatsitsa lamanzere. Inaliranso, koma mofooka ngati ng'ombe ya chimfine. Pamene ankati akweze lamanja, dzanja linakana.

Analikoka. Linabwera, koma linabwera ndi zingwe zakuda zotalika mkono wathunthu, zikulendewera pakati pa chikhato ndi chikopa. Anakoka lamanzere, zomwezo. Anayesa kupukuta dzanja lina ndi linzake, manja anagwirana ngati akupemphera. Atawalekanitsa, thukuta linali likuwalowa m'maso, ndipo mosaganiza anapukuta pamphumi. Panatsala mzere wakuda kuchokera khutu ili kufika khutu linalo.

Ovina anaima mwendo uli m'mwamba. A Jailos anayang'ana kamodzi, anakoka mpweya, n'kuyamba kuimba mbali yawo ndi mbali ya ng'oma yaikulu pa ng'oma imodzi. Manja awo sankaoneka. Ovina anatsitsa miyendo, gule anapitirira.

Anthu a ku Kilimane anayesa kuti ndi mmene timavinira ku Mulanje, kuti pamakhala mmodzi wosewera ngati wagwidwa ndi ng'oma. Ankaseka mpaka kugwirana mapewa. A Lackson akamakoka, iwo ankawerengera limodzi. Nthenga ina inathothoka pa chipewa cha wovina n'kukamatirira pamphumi pawo, ndipo bwalo lonse linaphulika. Mzungu wina anadzuka pampando kudzajambula chithunzi.

Palibe gulu limene linawomberedwa m'manja ngati lathu tsiku limenelo. Koma ine ndinkaona nkhope ya amuna anga, ndipo sinali ya munthu wosewera.

7

Pansi pa mango paja panalibe woseka. A Lackson anaima manja atawatambasula kutali ndi thupi, nthenga ikadali pamphumi.

"Alamu, mwakhutira? Zaka zonsezi mumaifuna ng'oma iyi. Mwadikira tifike kwa eni, pamaso pa azungu, kuti mundilodze."

"Mukuti chiyani?"

"Ndinakusiyani nokha ndi ng'oma. Ndapeza yovundukuka, chala chili pakati. Phula la agogo lakhala zaka makumi asanu osasungunuka. Lero lasanduka ulimbo chifukwa cha ndani? Ndinu mfiti, a Jailos."

Amayi anagwira pakamwa. Mawu amenewo kwathu sabwezedwa ndi pepani wamba. A Jailos anaika ng'oma yawo pansi pang'onopang'ono.

"Ndakuvekani pansanja paja, inu mukundivula. Chabwino. Tikafika kwathu mutenge khasu lanu ndi ng'oma yanu. Mlongo wanga sangakhale ndi munthu wonditcha mfiti. Ndanena ine mwini mbumba."

Ndinawerenga mwachangu, poti masamu a moyo ndimawatha. Ndikakhala chete, ukwati watha, ndipo achimwene asenza dzina la ufiti mpaka kumanda. Ndikalankhula, ukwati wathanso, koma watha ndi zoona. Ndinakhwimitsa chitenje cha Rosie.

"Chala chija ndi changa."

Onse anatembenuka.

"Ndipo chakudacho si phula la agogo. Ndi tara. Ndinakapempha kwa anthu okonza msewu pa Chitakale, anandithirira m'chitini."

"Nanga phula la agogo lili kuti?" anafunsa a Samueli.

"Lili kunsi kwa ndowa yanga."

Ndinafotokoza zonse. Ndowa yanga inabooka mu Meyi. Kuchokera kumjigo kufika kunyumba, theka la madzi linkathera pamutu pa Rosie kumsana, m'chisanu chija, mpaka mwana anayamba kutsokomola. Ndinauza a Lackson katatu kuti akaiwotcherere kwa okhoma zitini. Katatu konse anati mawa. Tsiku lina ali ku tiyi ndinayang'ana ndowa, ndinayang'ana mwana, ndinayang'ana mayi wamkulu atafunda bulangete pangodya youma. Ndinatenga supuni. Ndinapala phula lonse, ndinalisungunula, ndinamata ndowa. Mantha anabwera pambuyo, ndiye ndinaumba tara pamalopo n'kumusisita ndi phulusa. M'chisanu cha ku Mulanje anauma gwa, osasiyana ndi phula.

Ndinamasula thewera n'kuwaonetsa chibuma cha phula la njuchi la ku Chinakanaka.

"Ndinabwera chifukwa cha ichi. Ndimati ndibwezeretse musanawambe."

Kenako a Samueli anatsokomola.

"Pepani, ndingofunsa nawo. Ndowayo inasiya kudontha?"

"Mpaka lero, akapitao. Ngakhale dontho."

Wina anayesa kubisa chiseko m'chipewa cha nthenga, chinatulukira m'mphuno. A Lackson anayang'ana ng'oma ngati akufuna kuinyamula, anayang'ana manja awo, n'kutembenuka kulowera kudoko opanda kanthu.

8

Ndinapatsira a Jailos mwana. Kwa mayi wina wokazinga nsomba ndinasinthanitsa masamba a tiyi odzaza dzanja ndi mafuta a kokonati m'chigoba, ndinang'amba thewera limodzi, n'kuwatsata.

Ndinawapeza atakhala pa khoma la doko. Madzi anali ataphwa, pansi pali matope okhaokha ndi nkhanu zikuthamangathamanga. Ntchentche zinali zitawapeza kale.

"Bweretsani manja."

"Musandikhudze."

"Mukuchoka, ndamva. Koma muchoka bwanji? Ng'oma simunganyamule, chakudya simungadye, ngakhale batani la buluku simungamasule. Ndikupukuteni kaye, muzichoka ngati munthu."

Anandipatsa dzanja lamanja akuyang'ana kumbali. Tara amachoka ndi mafuta, koma amafuna kupirira. Ndinapukuta chala chimodzichimodzi. Tili pa dzanja lachiwiri anayankhula, mawu ali pansi.

"Phula lija munagula kwa ndani ku Chinakanaka?"

"Kwa bambo wa uchi, wa diso limodzi uja."

"Amakhala pafupi ndi ogulitsa mphasa."

"Mukuwadziwa bwanji?"

Anayankha akuyang'ana nkhanu.

"Phula la agogo linadyedwa ndi makoswe ndisanakukwatireni, ndikukhala ku malayini a esiteti. Ndinadzuka m'mawa chikopa chili mbee. Ndinakagula lina kwa bambo yemweyo."

Ndinasiya kupukuta. "Ndiye ndowa yanga ndinamata ndi phula la ku Chinakanaka?"

"Eya."

"Miyezi iwiri ndakhala ndikulota agogo anu akundithamangitsa ndi supuni. Nanga zoti mkazi sakhudza?"

"Agogo aakazi ankaikhalira posenda chinangwa. Ndinaona kuti maso anu ndi akuthwa. Mukanaiyandikira mukanazindikira kuti phulalo ndi latsopano, mukanauza achimwene anu. Popanda phula la agogo, akapitao akanapereka ng'oma yaikulu kwa a Jailos kalekale. Mwawamva nokha lero."

Ndinafuna kukwiya, koma munthu wa nthenga pamphumi ndi wovuta kumukwiyira. Ndinaizula. Anati "mayo" pang'ono.

"Ndiye mukuchoka kapena simukuchoka?"

"Ndipite kuti? Tichite chonchi, mayi a Rosie. Tibwerere, ndikanene kuti ndakukhululukirani chifukwa cha mtima wanga waukulu. Za makoswe zikhale za ife awiri."

"Ayi."

"Ayi?"

"Ine ndaulula zanga dzuwa lili pamutu, anthu makumi awiri akumva. Inu mukufuna kuulula zanu kwa nkhanu? Achimwene mwawatcha mfiti pagulu. Mukawatsuke pagulu pomwepo. Mukapanda kutero, iwo sabweza mawu awo, ndipo ine sindiwapempha."

"Andiseka."

"Akusekani kale Kilimane yense. Otsalawa ndi ochepa."

9

Ananena. Anaima pansi pa mango, manja akunyezimira mafuta, n'kufotokoza za makoswe, za bambo wa diso limodzi ndi za agogo aakazi ndi chinangwa chawo. Pomaliza anagwada kwa a Jailos.

A Jailos anawasiya chogwada kanthawi ndithu, akuseweretsa Rosie.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikugonjera makoswe?"

"Ndalakwa, alamu."

"Za ufitizo mukandipatsa tambala kwathu, woyera, osati wodwala. Koma akuti madzulo ano magulu onse abwerezanso. Ng'oma yaikulu ndiimba ine."

A Lackson anayang'ana ine, n'kuvomera ndi mutu.

Ng'omayo inafunika kupalidwa, ndipo panalibe wodziwa kupala kuposa ine. Ndinakhala pansi, ndinaipana ndi mawondo, gulu lonse likuona, n'kugwira ntchito ndi supuni yanga. Alamu awiri aja anafewetsa phula latsopano pamoto, akukangana za kukula kwake, n'kulimata limodzi. Dzuwa litapepa a Jailos anaiimba, ndipo inalira mpaka oimba malimba anaimirira kudzaona. A Lackson anali pambali ndi ng'oma yachiwiri. Anthu a ku Kilimane anakhumudwa pang'ono, ankadikira kuti wina amatidwenso.

Tinabwerera kwathu tonse atatu, nyumba imodzi. Masiku ano ng'oma yaikulu amaimba mosinthana, mwezi uno uyu, mwezi wamawa uyo, ndipo amakanganabe kuti mwezi wayamba liti.

Anzanga owerenga, makamaka inu amayi, sindikunena kuti muzipala katundu wa amuna anu ndi supuni. Ndinalakwa, ndipo kulakwa kwanga kukanapachika dzina loipa pa mlongo wanga wosalakwa. Chimene chimandiwawa mpaka lero si tara ayi. Ndi choti ndinakhala zaka ziwiri ndikuyenda chonyang'ama m'nyumba yangayanga, kuopa chinthu chimene mwini wake ankachiopa kuposa ine. Tinkagona pamphasa imodzi, aliyense atafungatira bodza lake, ndipo mabodza onse awiri anali a pa chikopa chimodzi.

Choncho mukaona lamulo m'nyumba mwanu limene limanenedwa mokweza kwambiri, lobwerezedwa pamowa ndi kumaliro komwe, musathamangire kuliswa mobisa ngati ine. Dikirani tsiku limene bambo adya bwino, mukhale nawo pafupi, muwafunse mofatsa kuti, "Kodi pamenepa makoswe anadyapo chiyani?"